Kalata yotseguka kwa osamalira malo a mbiri yakale ku Norfolk: chishango ndi dzina la Sir John Fastolf

Akuluakulu olemekezeka,

Ndakhala m'chigawo chino cha Norfolk kwa zaka zingapo tsopano, ndipo ndikamadutsa ku West Caister maso anga salephera kugwera pa nsanja yaitali ya njerwa imene imasuzumira pamwamba pa mitengo, yotsalira pa linga limene Sir John Fastolf anayamba kumanga mu 1432. Tsiku lina ndinafunsa mnzanga wa kuntchito, mbadwa ya konkuno, kuti mwini nsanjayo anali ndani, ndipo iye anayankha akuseka kuti anali Falstaff wa m'masewero a Shakespeare, chidakwa cha mimba yaikulu chija chimene chinkati nkhondo ikavuta n'kuliyatsa liwiro. Yankho lomweli ndalimva kwa anthu ena angapo, moti ndaona kuti ndi bwino ndikulembereni inu amene mumasamalira Caister Castle, mabwinja a St Benet's Abbey ndi malo ena amene munthuyu anasiyako mapazi ake. Ndalemba m'Chichewa kuti anzanga amene ana awo akuphunzira m'sukulu za kuno, pamodzi ndi amene anakumana ndi masewero a Shakespeare ali kusekondale kumudzi, athe kuitsatira nkhaniyi. Pempho langa ndi lakuti paliponse pamene mukufotokozera alendo za Fastolf, muzionetsa chishango chake m'mitundu yake yeniyeni, chitazunguliridwa ndi lamba wa Garter, chizindikiro cha gulu laulemu la ankhondo a mfumu ya England, ndipo pambali pake muzinena mlandu wothawa kunkhondo ya ku Patay umene anazengedwa, mmene unathera, komanso milandu ina imene sanazengedwe koma inali yomuyenera.

Ndiyambe ndi chishangocho, pakuti ambiri amachiyesa chokongoletsera chabe. Chishango cha Fastolf chinagawidwa panayi. Kwa munthu amene akuchiyang'ana, chigawo cha pamwamba kumanzere ndi cha pansi kumanja ndi zagolide, pamene zigawo ziwiri zotsalazo ndi zabuluu. Kuchokera pangodya ya pamwamba kumanzere kutsetserekera pangodya ya pansi kumanja pamadutsa mzere wofiira wotambalala, ndipo pamzerewo pali timitanda titatu tagolide. Timitandati si tawamba ayi, chifukwa mkono uliwonse wa kamtanda kalikonse uli ndi kamtengo kakenso kopingasa, moti kamtanda kamodzi kamaoneka ngati timitanda tinayi tolumikizana pakati. Timitandati ndi timene tinkasiyanitsa a Fastolf a ku Norfolk ndi abale awo a ku Suffolk, amene pamzere wofiira womwewo ankaikapo zigoba zitatu zoyera za nkhono za m'nyanja. Mlendo akauzidwa zimenezi amazindikira kuti chishango chinali ngati dzina ndi mfunda pamodzi: chinkanena mtundu wa munthu ndi nthambi yake, chinkadindidwa paphula lomatira makalata, chinkajambulidwa m'mawindo a tchalitchi ndi paziwiya zasiliva, ndipo kunkhondo chinkauza asilikali amene akumenya pambali pawo. Fastolf analinso ndi mawu ake a Chifalansa akuti Me fault faire, kutanthauza kuti ndiyenera kuchita, amene akupezeka m'buku lolembedwa pamanja limene anamukonzera mu 1450 ndipo likusungidwa ku Bodleian Library ku Oxford.

Lamba wa Garter ndiye mutu wa nkhani yonse. Gulu la Garter analiyambitsa Mfumu Edward III cha m'ma 1348, ndipo kupatula mfumu ndi mwana wake wolowa ufumu, munkakhala anthu 24 okha, aliyense ndi mpando wake m'tchalitchi cha St George ku Windsor. Fastolf anasankhidwa kulowa m'gululi mu 1426, iye amene sanabadwire m'banja la mafumu koma la anthu a minda ndi amalonda a kufupi ndi Great Yarmouth. Palamba wabuluuyo pamalembedwa mawu akuti Honi soit qui mal y pense, amene amatemberera ndi manyazi aliyense woganizapo zoipa. Malamulo a gululi, monga anadzakonzedwa m'zaka zotsatira, ankati munthu achotsedwe akapezeka wopandukira mfumu, wampatuko, kapena wothawa kunkhondo, ndipo mwambo wochotsa unali wochititsa manyazi kwambiri: mbendera ndi chisoti cha munthuyo ankazigwetsa pansi kuchokera pamwamba pa mpando wake, n'kumazikankha ndi mapazi mpaka kunja kwa tchalitchi, kukazitaya m'ngalande ya linga. Fastolf anamwalira mu 1459 akadali m'gululi. Kujambula chishango chake mkati mwa lamba ndiye kuti mukuonetsa chigamulo cha anzake amene ankaidziwa nkhondo imene ikunenedwayo, ndipo kuchijambula popanda lamba n'kuchotsa umboni pamaso pa mlendo.

Asanafike pa tsiku limene linamuipitsira dzina, munthuyu anali atamenya nkhondo ku France kwa zaka zoposa khumi. Anali nawo pa kulandidwa kwa Harfleur mu 1415, anasungapo linga la Bastille mumzinda wa Paris, anakhala kapitawo wamkulu wa panyumba ya John, Duke of Bedford, amene ankalamulira France m'malo mwa Mfumu Henry VI idakali khanda, ndipo pa nkhondo ya Verneuil mu 1424 anali mmodzi mwa amene anagwira Duke of Alençon. Pa 12 Febuluwale 1429 ankatsogolera ngolo pafupifupi 300 kuchokera ku Paris kupita kwa Angerezi amene anazinga Orléans, ndipo katundu wambiri anali nsomba zothira mchere za m'migolo chifukwa inali nyengo ya Lenti. Atamva kuti Afalansa ndi Asikoti akubwera pafupi ndi Rouvray, anazunguliza ngolozo ngati khola, nazika zisonga pamipata, naika oponya mivi m'kati. Adaniwo anali ochuluka koma anabwerera atagonja, ndipo mtsogoleri wa Asikoti, John Stewart wa ku Darnley, anafera pomwepo. Angerezi mpaka lero amaitchula nkhondoyi ndi dzina la nsomba zija. Ndikuitchula chifukwa inachitika miyezi inayi yokha iye asanatchedwe wamantha, komanso chifukwa imaonetsa khalidwe lake: anali munthu wowerengera ngolo, mivi ndi anthu asanaponye phazi.

Pofika mwezi wa Meyi chaka chomwecho, Joan of Arc anali atamasula Orléans, ndipo matauni a m'mbali mwa mtsinje wa Loire anayamba kugwa umodziumodzi. Fastolf anabwera ndi asilikali othandiza nakumana ndi mtsogoleri mnzake wa Angerezi, John, Lord Talbot. Tili ndi mboni imene inaona ndi maso, Jean de Wavrin, amene anali m'gulu la Fastolf ndipo pambuyo pake analemba mbiri ya nkhondozi. Iye akufotokoza kuti Fastolf analangiza kuti asamenyane panthawiyo, popeza asilikali awo anali atataya mtima pamene adani anali pa moto, koma abwerere kumalinga kukadikira thandizo. Talbot anakana, naumirira kuti amenyane. Pa 18 Juni, ali paulendo wobwerera chakumpoto pafupi ndi Patay, Talbot anayamba kuika oponya mivi m'mipanda ya zitsamba m'mbali mwa msewu, koma asanamalize kuzika zisonga, gwape anathamangira pakati pawo ndipo iwo anakuwa mwa chizolowezi cha alenje. Mfuuwo unawaulula. Apakavalo a Afalansa, otsogozedwa ndi La Hire ndi Poton de Xaintrailles, anawagwera asanakonzeke, Talbot ndi Lord Scales anagwidwa, ndipo Angerezi pafupifupi 2,000 anaphedwa. Wavrin akuti Fastolf atafika anapeza zinthu zitaonongeka kale, ndipo poyamba anakana kuchoka, koma anzake anamuumiriza, nachoka ndi kagulu kochepa kulowera ku Étampes. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma apa amene anapereka malangizo ndiye anasenza chitonzo, pamene amene anawakana anasanduka ngwazi.

Wolemba mbiri wina wa nthawiyo, Enguerrand de Monstrelet, ndiye amanena kuti Bedford anamulanda Fastolf lamba wa Garter chifukwa cha Patay, ndipo iye yemweyo akuonjeza kuti atamva zifukwa zake anamubwezera. Chimene chikuoneka poyera n'chakuti Bedford sanamutaye, chifukwa anapitiriza kumupatsa maudindo ku Normandy ndipo anamuika kukhala mmodzi mwa oyang'anira chuma chake cha masiye. Talbot anakhala m'manja mwa Afalansa mpaka 1433, ndipo atamasulidwa sanaiwale. Mlandu suola: mu 1442, patapita zaka 13, nkhaniyi inamvedwa pamaso pa mfumu ndi akuluakulu a gulu la Garter, ndipo Fastolf anatuluka wopanda mlandu. Talbot yemweyo anadzafera ku Castillon mu 1453, atalowa ndi asilikali ake pamalo amene Afalansa anatcherapo mizinga. Sindikunena izi kuti ndinyoze munthu wolimba mtima, koma kuti mlendo aone kuti anthu awiriwa ankasiyana pa kamenyedwe ka nkhondo, ndipo mkangano wawo unali wa akatswiri awiri, osati wa ngwazi ndi wamantha.

Chimene chinagonjetsa chigamulo cha 1442 ndi bwalo la zisudzo. M'gawo loyamba la sewero la Henry VI, lolembedwa cha m'ma 1591, Shakespeare akuonetsa Talbot akung'amba lamba pamwendo wa Fastolf pamaso pa anthu onse pa tsiku loveka mfumu chisoti ku Paris. Mwambo umenewu unachitikadi, mu Disembala 1431, koma Talbot sakanakhalapo chifukwa anali akadali mkaidi. Patapita zaka zochepa wolemba yemweyo anapanga munthu wina wa masewero a Henry IV, wonenepa, wabodza ndi wokonda mowa, namutcha Oldcastle. Sir John Oldcastle weniweni anaphedwa mu 1417 chifukwa cha chikhulupiriro chake ndi kuukira mfumu, ndipo udindo wake wa Lord Cobham unali m'manja mwa banja lamphamvu panyumba ya Mfumukazi Elizabeth. Dzinalo linasinthidwa kukhala Falstaff, moti kumapeto kwa gawo lachiwiri la sewerolo omvera amauzidwa kuti munthuyu si Oldcastle. Apa pali phunziro lowawa la mmene mbiri imayendera, chifukwa Oldcastle anali ndi omuyankhulira, pamene Fastolf anamwalira wopanda mwana ndipo panalibe wodandaula. Pamene masewerowa anasindikizidwa pamodzi mu 1623, ngakhale msilikali wa ku Patay uja analembedwa kuti Falstaffe, ndipo anthu awiriwa anasakanikirana mpaka pakamwa pa mnzanga wa kuntchito. Thomas Fuller anadandaula kale za chisalungamo chimenechi m'buku lake la anthu otchuka a ku England la 1662, koma buku silingapikisane ndi munthu wosekesa anthu usiku uliwonse.

Tsono ndisamveke ngati ndikupempha kuti mumuyeretse, chifukwa ngati mungachotse bodza la mantha n'kuikapo chithunzi cha nkhalamba yachifundo, mudzakhala mwangosintha bodza. Mu 1409 Fastolf anakwatira Millicent Tiptoft, mkazi wamasiye wa Sir Stephen Scrope, amene anali ndi minda yambiri kuphatikizapo Castle Combe ku Wiltshire. Mwana womupeza, Stephen Scrope, anadandaula moyo wake wonse kuti bambo womupezayu anagulitsa ufulu womulera kwa woweruza wamkulu William Gascoigne pamtengo wa ma mark 500 (ndalama za nthawiyo), kenako n'kuuombolanso, ngati kuti iye anali chiweto cha pamsika. Millicent atamwalira mu 1446, Fastolf anagwiritsitsa minda ija mpaka imfa yake, ndipo Scrope anailandira atakalamba kale. Kwa ife amene tinakulira kumene nkhani za chuma cha masiye zimagawa mabanja, mlandu uwu sufuna womasulira. Chodabwitsa n'chakuti Scrope yemweyu ankakhala pakhomo pake n'kumamutembenuzira mabuku kuchokera ku Chifalansa kupita ku Chingerezi.

Mlandu wolemera koposa uli m'chikalata chimene iye mwini analemba mu 1435, pamene mayiko ankakambirana za mtendere ku Arras. M'menemo analangiza kuti Angerezi aleke kutaya ndalama pozinga mizinda, koma atumize magulu awiri ankhondo oyendayenda kuyambira mu Juni mpaka kumayambiriro kwa Novembala, akutentha nyumba ndi mbewu, akudula mipesa ndi mitengo ya zipatso, ndi kupha ziweto zimene sangathe kuzikusa, kuti njala igonjetse anthu amene lupanga linalephera kuwagonjetsa. Amene akanavutika ndi malangizo amenewa ndi alimi a ku France, osati akuluakulu a pakavalo. Munthu wowerengera ngolo uja ankawerengeranso njala ya anthu ena mofatsa chimodzimodzi. Ndalama zimene zinamanga Caister, zokwana mapaundi pafupifupi 6,000, zinachokera kwakukulu ku phindu la nkhondo imeneyi: malipiro a maudindo, minda yolandidwa ku Normandy ndi Maine, ndi ndalama zoombolera akaidi. Mlendo amene akusirira njerwa za nsanja ija ali ndi ufulu wodziwa kumene zinachokera.

Ngakhale ali moyo, dzina lake linkakokedwa uku ndi uku. Mu 1450, pamene England inataya Normandy ndipo anthu a ku Kent anaukira motsogozedwa ndi Jack Cade, Fastolf anatuma wantchito wake John Payn kumsasa wa oukirawo ku Blackheath kuti akamve zofuna zawo. Payn anadzalemba yekha kuti anamugwira n'kumuzungulitsa msasa wonse, kutsogolo kwake kukuyenda wolengeza wovala malaya a chizindikiro cha Duke of Exeter, akufuula pangodya zinayi kuti bwana wake ndiye wachiwembu wamkulu amene anachepetsa asilikali m'malinga a ku France. Apa tikuona chizindikiro cha mkulu wina chikugwiritsidwa ntchito kupereka mphamvu ku mawu oneneza, zimene zikutikumbutsa kuti zishango sizinkangonena za mtundu wa munthu, koma zinkalowanso m'ndale za tsikulo. Fastolf anachoka kunyumba yake ya ku Southwark nakabisala ku Tower of London. Panthawi yomweyo iye ankaumirira kuti boma linali naye ngongole ya mapaundi pafupifupi 11,000, ndipo anapita kumanda asanailandire.

Za imfa yake ndinena mwachidule, popeza makalata a banja la Paston anaifalitsa kale. Anamwalira ku Caister pa 5 Novembala 1459 naikidwa ku St Benet's pambali pa mkazi wake, m'chigawo cha tchalitchi chimene anamanga ndi ndalama zake. Ankafuna kuti ku Caister kukhale ansembe asanu ndi awiri ndi osauka asanu ndi awiri omupempherera. John Paston, loya wake, ananena kuti nkhalambayo inamusiyira zonse ndi mawu apakamwa masiku ake omaliza, ena anatsutsa, ndipo mu 1469 Duke of Norfolk anazinga lingalo ndi asilikali pafupifupi 3,000 pamene m'kati munali anthu ngati 30 okha. Pomaliza Bishopu William Waynflete anatengera gawo lalikulu la chumacho ku Magdalen College ku Oxford. Mlembi wokhulupirika wa Fastolf, William Worcester, amene anasunga mapepala ambiri amene tikudalira lero, anatha zaka akulimbana kuti apezepo kanthu.

Zimene ndikupempha si zodula. Pamene mukukonzanso zikwangwani, timabuku ta alendo ndi masamba anu a pa intaneti, chishangocho chijambulidwe ndi katswiri wodziwa malamulo ake, ndipo a ku College of Arms ku London, amene akhala akusunga kaundula wa zizindikiro kuyambira 1484, ndi amene angatsimikize mitundu ndi timitanda tija kuti tisasokonezedwe ndi zigoba za a ku Suffolk. Pansi pake pakhale mawu ochepa ofotokoza chimene mbali iliyonse ikutanthauza, m'chiyankhulo chimene mwana wa sukulu angamve, osati m'mawu akale a Chifalansa okha amene akatswiri amagwiritsa ntchito. Zaka zitatu za 1426, 1429 ndi 1442 zilembedwe moyandikana, kuti wowerenga aone yekha kulowa kwake m'gulu, kunenezedwa kwake ndi kumasulidwa kwake. Dzina la Shakespeare lisabisidwe, chifukwa ndi limene limakoka alendo ambiri ndipo palibe cholakwa pamenepo, koma litsatane ndi chiganizo chonena kuti Talbot anali mkaidi pa tsiku limene sewero likumuonetsa akung'amba lamba. Ndipo pachikwangwani chomwecho, osati pakona ina yobisika, pakhale dandaulo la Stephen Scrope ndi malangizo a 1435.

Ndingakondenso mutagwirizana ndi a ku Blickling Hall, malo amene Fastolf anagulitsa kwa Geoffrey Boleyn ndipo kumene kuli miyala yosema yochokera ku Caister, kuti mlendo amene wayambira kwina adziwe kuti nkhaniyi ikupitirira kwina m'chigawo chomwechi.

Ku St Benet's ndinapitako madzulo ena mphepo ikuomba kuchokera kumtsinje wa Bure. Chimene chimaonekera patali ndi chipata chakale chimene m'kati mwake anthu a m'zaka za m'ma 1700 anamangamo chigayo cha mphepo cha njerwa, ndipo ukayenda kupitirira pamenepo, pakati pa ng'ombe ndi udzu, umafika pa zidutswa za makoma a tchalitchi, zina zofika m'chiuno, zina zongotukumula dothi. Manda a Fastolf sakuonekanso, ndipo ndinaima kumbali ya kummwera ya kumene kunali guwa ndikuyesa kulingalira pamene panali chigawo chimene anamanga. Malo amenewo ndi amene ndingasankhe kuti chishango cha golide ndi buluu chija chiikidwe poyamba, pamwala wosalala kapena pachitsulo chosachita dzimbiri, chotsika mokwanira kuti chisatchinge dambo, ndi dzina lake litalembedwa m'zilembo zake zenizeni, Fastolf, pamodzi ndi la Millicent amene minda yake inamuyambitsira chuma.

Ine wanu mwaulemu,

Mmodzi wa okhala ku Great Yarmouth